Kaufa Kofiirira

Bambo anga anagwira ku positi ya ku Limbe zaka makumi atatu ndi ziwiri.
Ankasankha makalata osayang'ana kawiri:
iyi ya ku Bangwe, iyi ya ku Chigumula,
iyi ya mphunzitsi uja wa ku Mpingwe amene sayankha.
Mzinda wonse unali m'mutu mwawo,
bokosi lililonse ndi mwini wake.

Lachiwiri lapitali anawapeza pa mlatho wa Nasolo
atavala jekete, kumapazi kulibe kanthu,
akufunsa ana a sukulu njira ya kwawo.
Kwawoko kunali kuseri kwa mpanda wa malata, pompo.
Mayi wogulitsa makala anati:
nkhalamba zoyenda mbandakucha timazidziwa,
ndege yawathera mafuta.
Anthu anaseka.
Mnyamata wina anali atatola kale mwala.

Ine ndimagwira mu labu, kufupi ndi Gulupu.
Ndimasinja masamba a tiyi wa ku Thyolo,
timakoko tofiira ta mtedza tija timauluza ndi pakamwa,
chidede, bwemba, nthanga za mapeyala,
zimene amasesa madzulo mu msika wa Ndirande.
Ndimaviika, ndimasefa, ndimadikira
mpaka pansi pa galasi patsale kaufa kofiirira.
M'mabuku amati polifenolo.
Lilime linakadziwa kalekale:
ndi kaja kamamanga m'kamwa ukaluma nthochi yaiwisi.
Mtengo umakapanga pozemba dzuwa ndi mbozi,
sunkaganizako za bambo anga.

M'kambale ka galasi kamalonjeza.
Zoundana zija amati zimatseka tinjira ta mu ubongo
tsiku lina zimaoneka ngati zamasuka,
tsiku lina ayi.
Mbewa yoyera ya m'khola lachinayi
dzana inakumbukira pokhotera,
ndinaiombera m'manja ndekha ngati wopenga.
Koma munthu si mbewa.
Mimba imaphwanya zambiri zisanafike patali,
ndipo pa geti la ubongo pali mlonda
wouma mtima kuposa wa ku banki.
Mu Okutobala magetsi anazima masiku awiri,
jenereta ilibe dizilo,
ntchito ya miyezi isanu inasungunuka mu filiji.

Mu lipoti ndimalemba: mwina.
Ndimalemba: zikuoneka ngati.
Ndimalemba: pakufunika kafukufuku wina.

Azakhali a Fanesi safuna kumva za mwina.
Iwe, mankhwala uli nawo ku ntchito,
ukumana bambo ako okubereka?
Ukudikira adzaiwale kumeza?

Sindibisa.
Lachisanu ndinaika kabotolo m'chikwama.
Mu minibasi ndinakafumbata njira yonse,
kondakitala anachita kundigwedeza kuti ndilipire.
Kunyumba ndinatereka madzi,
ndinatsegula chivindikiro,
ndinayang'ana supuni, ndinayang'ana kaufa.
Kangati? Theka? Kunsonga kokha?
Kwa munthu wa makilo makumi asanu,
wa impso zotopa, womwa kale mapilitsi a kuthamanga kwa magazi?
Palibe pa dziko amene akanandiuza.
Ndinatseka.
Ndinathira tiyi wamba, shuga masupuni awiri, monga amakondera.

Iwo anali pa tebulo, ali pa ntchito.
Mabilu a madzi akalekale, malisiti, makadi a ukwati,
chikalata cha maliro a amayi,
zonse m'milu yowongoka, m'mphepete mofanana.
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
Mayi, tatseka, mubwere mawa.

Ndinaika kapu pambali pa mulu wa ku Bangwe.

Kenaka anati, taimani.
Ananyowetsa chala, anafufuza,
anasolola envelopu yachikasu ndi ukalamba,
yomwe ndinawalembera ndili ku sekondale.
Kumbuyo kuli dzina la wotumiza.
Uyu, Tiyanjane Likoswe,
mukamuona mumpatse.
Ndi mwana wanga, amaphunzira za mitengo.
Mumuuze asamachedwe, kunja kwada.

Ndinalandira ndi manja awiri.
Lolemba kabotolo ndinakabwezera mu filiji,
shelefu yachiwiri, kumanzere,
ndinavala magolovesi.